Ziro, Ziro, Thuu

Ukwati wanga unakomera pabwalo la kuseri kwa malo opalira matabwa ku Keko, ndipo unatheranso pomwepo. Bwalo lenilenilo silinali la masewera. Unali mpata wa simenti pomwe mafundi, amisiri a matabwa, ankayanikapo mipando akapaka vanishi. Lamlungu masana ankaikankhira kukhoma, ife n'kumasewerapo.

Bambo a mwana wanga anali fundi wa mipando. Makolo awo anachokera kwathu ku Machinga kalekale, iwo anakulira kuno ku Dar es Salaam. Atabwera kumudzi kudzaona abale anandiona, anakalankhula ndi amalume, tinamanga nika, ukwati wa Chisilamu, n'kunditenga. Amalume anawafunsa ngati anakwatirapo. Iwo anati inde, koma anasiyana. Ine ndinali nditasiya sukulu Sitandade 5, Chiswahili sindinkachidziwa, ndipo chibadwire changa ndine munthu wamanyazi. Kumsika ndinkaloza ndi chala. M'daladala, minibasi za kuno, ndinkapitirira potsikira chifukwa choopa kukweza mawu.

Masewerawo amuna anga anawaonera kuntchito. Anthu ena a ndalama anawaitana kuti akakhome mabenchi pabwalo lawo kumbali ya kunyanja. Tsiku lina osewera anaperewera m'modzi, anawapatsa kathabwa komenyera mpira kuti atseke mpata. Madzulo ake anafika kunyumba akuseka okha.

"Mayi a mwana, kuli masewera ena kunja kuno. Akuti pikobo. Nkhalamba zikuthamanga ngati ana."

Sanagule kanthu. Anadula pulayiwudi yotsala, n'kusema timatabwa tinayi tokhala ngati chipande chophwatalala. Kanga anakachepetsa chogwirira chifukwa manja anga ndi ang'ono, anakakulunga ndi mphira wa tchubu cha njinga kuti kasandipweteke. Mipira anatola yong'aluka imene eni ake ankataya, yapulasitiki, yobowokabowoka. Ukonde unali neti yakale ya udzudzu yopindidwa pachingwe. Mizere anajambula ndi penti yoyera yotsala pa kabati ya munthu.

Tinkasewera anthu anayi, awiri uku awiri uku. Ine ndinkakhala mbali imodzi ndi amuna anga. Mbali inayo kunkakhala alamu anga, amene ndi mchemwali wawo wamkulu, ndi fundi mnzawo, Mswahili wamtali wokonda nthabwala amene sankamva Chichewa. Mwana wathu ndinkamugoneka pa sofa yosamalizidwa, pamthunzi, utuchi ukumugwera m'tsitsi.

Kumenya mpira sikunandivute. Amene anapetapo mpunga dzanja lake limadziwa lokha. Pafupi ndi ukonde pali kachigawo kamene amati khitchini, ndipo sumaloledwa kuimamo n'kumenya mpira usanagwe pansi. Alamu ankakonda pamenepo.

"Achimwene, masewera awa ndawakonda. Ndi pano pokha pamene mkazi akuthamangitsidwa kukhitchini."

Chimene chinandivuta ndi kuwerenga. Woyambitsa mpira asanamenye, ayenera kunena manambala atatu mokweza kuti onse amve. Amuna anga anandiphunzitsa titakhala pabenchi, akujambula ndi chala pa utuchi.

"Choyamba mumanena mapointi anu. Chachiwiri mumanena a anzanu. Chachitatu mumanena kuti inuyo ndinu ndani."

"Dzina langa?"

"Ayi. Wani kapena thuu. Mbali iliyonse ili ndi anthu awiri. Mpira ukabwera kwa ife, woyamba kuseva, kutanthauza kuyambitsa mpira, ndi wani. Akalakwa, mnzake amatenga, ameneyo ndi thuu. Nayenso akalakwa, mpira wapita kwa enawo."

"Nanga enawo akatiposa pamene ife tikuseva, alemba pointi?"

"Salemba. Pointi imalembedwa ndi amene ali ndi mpira basi. Ngati mpira si wanu, ngakhale mumenye bwanji, mwangolanda mpata, simunapeze kanthu."

Ndinati zimenezo n'zokondera. Iwo anati dziko lonse limasewera choncho. Anandiuzanso kuti mukalemba pointi mumasinthana malo ndi mnzanu, wakumanja apite kumanzere. Choncho ukaiwala mapointi, ungoyang'ana pamene waima, pakuuza. Masewera amatha pa leveni, koma uyenera kuposa anzako ndi awiri.

Zonsezo ndinazigwira msanga kuposa mmene iwo ankaganizira. Chimodzi chokha chinandikanika kumvetsa. Masewera akamayamba, woyamba kuseva sanena kuti ziro, ziro, wani. Amanena kuti ziro, ziro, thuu.

"Ndikhala bwanji wachiwiri pamene palibe amene waseva ine ndisanaseve?"

"Ndi lamulo chabe. Oyamba amapatsidwa mpata umodzi, kuti asadyerere anzawo. Ndiye mumangodziyesa wachiwiri."

"Woyambayo ali kuti?"

"Kulibe. Ingonenani thuu, mayi a mwana, musavutitse mutu."

Ankandipatsa ine mpira woyamba Lamlungu lililonse. Ankati akufuna mawu anga atuluke. Ndinkaima kumanja, mpira m'dzanja, ngati ndaitanidwa pabwalo la milandu. Ndinkanong'ona manambalawo ndikuyang'ana zala za kumapazi. Fundi uja ankaika dzanja kukhutu.

"Bi mdogo, sema!"

Sema ndinkadziwa kuti ndi kunena. Mdogo ndinkadziwa kuti ndi wamng'ono. Ine ndine wamfupi, ndipo pa anthu onse a pamalopo ndinali wamng'ono ndine. Ndinkaona ngati ndi dzina lachikondi, ngati mmene kwathu amanenera kuti kamayi. Ndinkamwetulira n'kuyankha kuti abee, monga amayankhira akazi a kuno. Posakhalitsa mafundi onse ankandiitana choncho, ndi mayi wogulitsa chakudya pakona, ndi wa genge amene ndinkagulako tomato. Onsewo ndinkawayankha ndikumwetulira. Alamu okha sankalitchula dzinalo. Likatchulidwa ankawerama n'kumakonza mpango wawo.

Pang'onopang'ono mawu anga anakula. Lamlungu lina ndinafuula kuti seveni, folo, wani, mpaka mwana anadzidzimuka pa sofa n'kuyamba kulira. Amuna anga anaponya kathabwa m'mwamba.

"Mwamumva? Mawa ameneyu atilalatira kunyumba."

Sabata yomweyo ndinauza kondakitala kuti shusha, anditsitse, ndipo anaimitsa galimoto. Ndinatsikira pamalo pake.

Ndikafuna kunena zoona, masiku amenewo ndinali wokondwa. Pobwerera kunyumba iwo ankanyamula mwana, ine timatabwa. Tinkagula chinangwa chokazinga cha tsabola n'kumadya tikuyenda, tikukangana za mpira umene unagwa pamzere. Ankandiyang'ana ngati ndachita chinthu chachikulu. Palibe munthu anandiyang'anapo choncho. Masiku ena pasabata sankagona kunyumba, ankati eni bwalo la kunyanja amawapempha kulondera. Ndinkawaikira chakudya m'kontena, ndi shati yochapa.

Ndili ndi azakhali ku Manzese, mlongo wa malemu bambo anga, amene akhala mumzinda muno zaka zambiri akugulitsa zitenje. Sitinkaonana pafupipafupi chifukwa ankakhalira kuyenda ndi malole kupita kumudzi ndi kubwerera. Nditawauza pafoni kuti ndimasewera mpira anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe? Amene unkabisala kuseri kwa nkhokwe alendo akabwera? Ndibwera ndidzaone ndi maso anga."

Anabwera Lamlungu lotsatira. Tinawakhazika pa mpando watsopano umene mwini wake anali asanautenge, mwana ali pamiyendo pawo. Tsikulo ndinkafuna kusewera bwino kuposa masiku onse. Tinatsogola. Amuna anga atalakwitsa seva yawo, mpira unabwera kwa ine. Chifukwa choti azakhali ankandiyang'ana, manyazi akale anandibwerera, ndinangonong'ona manambalawo.

"Bi mdogo, sema!" anatero fundi uja, dzanja lili kukhutu.

"Abee," ndinayankha ndikuseka.

Azakhali sanaseke. Anamutsitsa mwana pansi, n'kumufunsa fundiyo m'Chiswahili chifukwa chimene akundiitanira choncho. Pa nthawiyo Chiswahili ndinali nditayamba kumva ndithu. Fundiyo anayankha mosavuta, ngati munthu wofunsidwa njira.

"Si ndiye wamng'ono? Wamkulu ali ku Vingunguti ndi ana."

Atatero anayang'ana amuna anga, kenako alamu, kenako ine. Dzanja lake linatsika pang'onopang'ono kuchoka kukhutu.

"Azakhali, akuti chiyani?" ndinafunsa, ngakhale ndinali nditamva.

"Mwanawe, bi mdogo si kuchepa msinkhu. Ndi mkazi wamng'ono wa pamitala."

Sindinalire. Ndinali ndidakali ndi mpira m'dzanja, ndipo chimene chinali m'mutu mwanga ndi manambala. Eyiti, sikisi, thuu. Ankangobwerezabwereza okha. Ndinayang'ana amuna anga kuti aseke, anene kuti fundiyu ndi wamisala. Iwo ankayang'ana kathabwa kawo, akukanda mphira ndi chikhadabo.

"Tikakambirana kunyumba, mayi a mwana."

"Nyumba yake iti?" anatero azakhali.

Alamu anabwera kudzandigwira paphewa. Ndinawafunsa ngati ankadziwa. Anati si nkhani yoti iwo akanaiyamba. Ndinaika mpira pansi pamzere, ndinabereka mwana, n'kutsatira azakhali kukakwera daladala.

Nkhaniyo inakambidwa kwa apongozi anga patapita masiku. Panali apongozi aakazi, alamu, azakhali, ndi mkulu wina wa kumzikiti amene anaitanidwa kuti aweruze. Amalume anali pafoni, imene inatsamiritsidwa ku fulasiki ya tiyi. Mkazi wamkuluyo anabweranso. Ndinkayembekeza munthu woti ndimude. Analowa mayi wojintcha, wotopa m'maso, atavala dilesi lalitali lofiirira, atanyamula nyama m'pepala chifukwa bambo ake amagwira ntchito kophera ng'ombe. Anapereka nyamayo kwa apongozi, anapatsa onse moni, kenako anakhala pamkeka pafupi ndi ine. Chichewa chake chinali chothyokathyoka, cha anthu obadwira kuno.

"Pole, pepa, mdogo wangu. Ine ndinadziwa kuyambira tsiku limene anapita kukakutenga. Ndinalira zanga ndinamaliza. Ndimayesa iwenso ukudziwa. Amati ukaitanidwa umayankha."

Mawu amenewo ndi amene anandithyola. Bodza la mwamuna ndikanatha kulisenza, akazi ambiri amasenza. Koma ndinaona Keko yense, mafundi, wa genge, mayi wa pakona, onse akundiitana dzina langa lenileni tsiku ndi tsiku, ine n'kumavomera ndi mano onse panja. Palibe amene ankandinyoza. Onse ankaona ngati ndinavomereza malo anga ndipo ndine wokondwa nawo. Amene sankadziwa pamene ndaima ndinali ine ndekha.

Amuna anga anafotokoza kuti anasiyanadi ndi mkaziyo nthawi ina, koma anabwererana asanabwere kumudzi. Anaopa kuti akanena amalume akana. Pambuyo pake anaopa kuti akanena ine ndichoka. Anati chipembedzo chimalola.

"Chimalola, koma osati mwakuba," anatero mkulu wa kumzikiti. "Munafunsidwa, munanama. Pamenepa palibe chokambirana, mwalakwa ndinu."

Amalume anakalipa pafoni mpaka mawu ankadukaduka. Apongozi anapepesa. Alamu analira. Aliyense m'chipindamo anavomereza kuti ine ndinalibe cholakwa. Ndinakhala pamenepo ndikumva anthu onse ali mbali yanga, koma m'manja mwanga munalibe chimene chinawonjezeka. Mwamuna anali yemweyo, wa nyumba ziwiri. Masiku amene ndinkamuikira chakudya m'kontena anali atapita kale.

Kenako mkuluyo anatembenukira kwa ine. Anati njira zilipo ziwiri. Ndikhoza kukhala, masiku agawidwe poyera, aliyense adziwe ake. Kapena ndikhoza kupempha kuti andimasule.

"Mayi, nenani nokha. Pano wina sangakunenereni."

Azakhali anatsegula pakamwa kuti andiyankhulire, monga ankachitira anthu onse moyo wanga wonse. Ndinawagwira bondo. Amuna anga anadzutsa mutu koyamba tsiku limenelo. Ankadziwa kuti ndikhoza, anandiphunzitsa ndi iwo.

"Ine ndili ndi mwana m'modzi," ndinatero, ndipo mawu anamveka mpaka kukhonde. "Mayi awa ali ndi awiri, ndiponso anayamba ndi iwo. Sindikulimbana nawo. Akanandiuza kumudzi kuti ndikukakhala wachiwiri, mwina ndikanavomera, mwina ndikanakana, sindikudziwa. Koma ndinafunsapo kuti woyamba ali kuti, anandiuza kuti kulibe. Ndikupempha andimasule."

Enawo anaganiza kuti ndikunena za funso la amalume. Amuna anga okha anadziwa tsiku limene ndinafunsa, ndi benchi imene tinakhalapo. Sindikukhulupirira kuti pa tsikulo ankaganiza za ku Vingunguti, ankangondiphunzitsa masewera. Koma anaphimba nkhope ndi manja awiri.

"Mayi a mwana, ndinu amene ndimasewera nanu. Uko sindinatengereko ngakhale kathabwa kamodzi."

Mkazi wamkuluyo anayang'ana kumbali. Ndinamumvera chisoni, chifukwa mawu amenewo anamulasa iye kuposa mmene anandikondweretsera ine.

Anandimasula. Sizinachitike tsiku lomwelo, anazengereza, anatuma anthu, koma pomaliza anatero. Tsopano ndimakhala ku Manzese m'chipinda choyandikana ndi cha azakhali. M'mawa ndimakazinga mandasi ndi chapati n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu wa Morogoro, pamene anthu amadikira basi. Pamafunika kuitanira, ndipo ndimaitanira. Azakhali amauza anzawo kuti mwana wa achimwene awo anali bubu, anachiritsidwa ndi mpira. Amaseka, inenso ndimaseka nawo. Sindiwauza kuti nthawi iliyonse ndikakweza mawu ndimamva ngati ndikugwiritsa ntchito chinthu cha munthu amene ndinamusiya.

Anthu amaganiza kuti ukachoka wekha ndiye kuti mtima unachoka kale. Wanga sunachoke. Lamlungu masana thupi limadziwa lokha nthawi. Ndimapezeka ndamanga mpango molimba ngati ndikupita kukathamanga, kenako ndimakhala pakhomo n'kumasankha mpunga.

Bambo a mwana amabwera kudzamuona. Poyamba ankabwera ndi mawu ambiri, tsopano amabwera ndi zipatso ndi nsapato. Ndinamva kwa alamu kuti ku Keko sasewerakonso. Fundi uja anachita manyazi, anasamukira kwina, ndipo pamizere paja anaunjikapo matabwa. Ulendo wina bambo a mwana anabweretsa kathabwa kanga, ka chogwirira chaching'ono, ndi kena katsopano kochepetsetsa ka mwana, ndi mpira umodzi. Anaziika pakhomo. Sindinazibweze.

Mwanayo tsopano amathamanga ndipo amalankhula Chiswahili kuposa ine. Chichewa amamva koma amayankha m'chinenero cha anzake. Kwa bambo ake anatolako mawu atatu aja, ndipo amaganiza kuti ndi mmene chinthu chilichonse chimayambira. Akafuna kudumpha ngalande amati ziro, ziro, thuu. Akafuna kumwa mankhwala amatero.

Tsiku lina anandikakamiza kuti tisewere mu kanjira ka pakati pa nyumba. Tinamanga chingwe choyanikira zovala m'munsi. Bambo ake anali atabwera, anakhala pa ndowa yovundikira akutiyang'ana. Mwana anandipatsa mpira.

"Mama, sema."

Ndinaima kumanja. Dzanja linakumbukira mphira uja ngati ndinaugwira dzulo.

"Ziro, ziro, thuu."

"Ayi, mayi a mwana," anatero bambo ake motsitsa. "Mukakhala nokha mbali yanu, manambala ndi awiri basi. Chachitatu chija sichinenedwa."

Sindinkadziwa zimenezo. Sitinasewerepo wina yekha uku wina yekha uko, ndiye panalibe chifukwa choti andiuze. Ndinawayang'ana, iwo ankayang'ana pansi.

"Ziro, ziro," ndinatero.

Pakamwa panga panatsala potsegula, podikira liwu lina. Mwana anapondaponda pansi kuti ndikuchedwa. Ndinamenya mpira, unadutsa pamwamba pa chingwe, iye anauphonya n'kuuthamangira mpaka kungalande akuseka.